Makombo a Bwana Chimeza

Ufumu wa Tadyakale musavutike kuufuna pa mapu. Aphunzitsi athu a jogalafe anaufunafuna mpaka anapuma pantchito. Chomwe ndingakuuzeni n'chakuti uli kuseri kwa phiri la Mawamawa, ndipo anthu ake mukawafunsa ngati adya amayankha msangamsanga kuti adya kale, ngakhale m'mimba mukulira mpaka agalu kutembenuka. Ndiwo ulemu wa kumeneko. Mfumu yawo inali Khutani Wachitatu, munthu wokonda anthu ake kwambiri, makamaka akakhala patali.

M'likulu la ufumuwo munali Koleji Yachifumu ya Pirirani, ndipo pakati pa kolejiyo panali kafeteriya, imene ophunzira ankangoti kukafu. Kumeneko munthu ankadya motsatira khadi lake. Khadi la Njovu linali la ana a nduna: mpunga, nyama, ndi mpando wa khushoni. Khadi la Mbuzi linali la amene boma linawamvera chisoni: phala m'mawa, nyemba masana, nyemba madzulo, Lamlungu kabichi wogona pamwamba pa nyemba. Khadi la Mpheta linali la amene boma linali lisanawamvere chisoni: phala m'mawa, nyemba madzulo. Masana a Mpheta ankalimbikitsidwa kupita ku laibulale, poti akuluakulu a koleji anachita kafukufuku n'kupeza kuti munthu wanjala sawodzera.

Chaka chimenecho kunabwera mtsikana wina wa khadi la Mbuzi, dzina lake Ndaziona. Anali wamanyazi moti kutafuna pagulu kunkamukanika. Amene simunavutikepo ndi manyazi simungamvetse. Umamva ngati holo yonse yasiya kudya kuti imvetsere nsagwada zako. Ine ndikudziwa, koma nkhani ino si yanga. Pamwamba pa manyaziwo, mayi ake anamulera ndi malamulo awiri a pa chakudya. Loyamba: mbale sanyambita ngati galu, umasiyirako wobwera mochedwa. Lachiwiri: chakudya chili m'manja, sudutsa munthu wamkulu osamuuza kuti tidye.

Wobwera mochedwa anapezeka sabata yoyamba yomweyo. Anali Mwandida, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wa khadi la Mpheta, wa pakamwa ngati wailesi ya m'minibasi. Mwandida anali ndi zilonda za m'mimba, zimene zikapanda kuona chakudya masana zinkayamba kudya mwini wake. Choncho masana aliwonse ankaperekeza Ndaziona kukafu, ati kukamucheza.

"Iwe Nda, wakhuta kale? Timbamu tomweti?"

"Anthu akundiyang'ana."

"Akuyang'ana mbale, osati iwe. Usamadzimve kukongola. Bweretsa kuno ndikuthandize, angamati koleji yathu imataya chakudya."

Ndaziona ankakankha mbale n'kuyang'ana kumbali, Mwandida n'kuipukuta mpaka mbee! Panalibe ankati zikomo, panalibe ankati ndakuthandiza. Zinkangoyenda choncho, ndipo zikanayenda choncho mpaka onse kulandira madigiri, Mfumu ikanapanda kukwera ndege.

Koma inakwera. Inapita ku dziko la Tikuthandizeni, ku msonkhano wa mafumu wokambirana zosamala chilengedwe, ndipo inabwerako ndi mphatso: thanki yaikulu yobiriwira, ya pakamwa pa chitsulo. Alendo amene anaiperekawo anati ukathiramo makombo a chakudya, amawolera m'kati n'kutulutsa gasi wophikira, ndiye mitengo imapulumuka. Ndikunena zoona, thankiyo inali yabwino. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Vuto limakhala wometedwayo.

Tsiku lomwelo Mfumu inakhazikitsa Unduna Woona za Makombo ndi Zina Zotsala, n'kuupereka kwa Olemekezeka a Chimbalanga, amene anali atakhala nthawi yaitali opanda galimoto ya mbendera. Thanki inaikidwa kuseri kwa kafeteriya ya ku Pirirani. Dzina lake la boma linali Chitsime cha Chitukuko Chosatha, koma ophunzira anangoitcha Bwana Chimeza. Unduna unalonjeza kuti alendo adzabwera kudzaona Mfumu ikuyatsa moto woyamba.

Mwezi unatha, Bwana Chimeza ali zii. Ngakhale kugeya komwe.

Mkulu wa kafeteriya, a Gwedeza, anaitanidwa kubwalo la Mfumu. Analowa chokwawa, chipewa chili m'khwapa.

"Gwedeza, thanki yanga bwanji sikupuma?"

"Ilibe chakudya, Mwini Dziko."

"Makombo akupita kuti?"

"Kulibe makombo, Mwini Dziko. Mbale zimabwerera zili zoyera moti sopo tinasiya kugula."

Mfumu inafunsa funso limene nduna zonse zinkaliopa. "Ndiye mukutanthauza kuti ana anga sakukhuta?"

Nduna ya Zaulimi inayamba kufuna cholembera pansi pa mpando. Apo ndi pamene a Chimbalanga anadzuka, n'kukonza jekete.

"Mwini Dziko, mukhale ndi moyo mpaka kalekale. Anawa akukhuta, mwinanso mopitirira. Vuto ndi umbuli. Inu mwayenda, mwaona. Kumayiko otukuka munthu amadya theka, theka n'kutaya, ndipo dziko lake limalemera. Ife tatsalira chifukwa timamaliza. Mtundu wonyambita mbale sungapite patsogolo. Anawa tiwaphunzitse kusiya."

Nduna zinaomba m'manja mpaka mphete kulira. Mawa lake wailesi ya Mfumu inalengeza Lamulo la Makombo. Wophunzira aliyense azigawa mbale yake patatu, gawo limodzi lizipita kwa thanki. Pakhomo la kukafu paikidwa alonda oona mbale. Ndipo kudya za m'mbale ya mnzako ndi mlandu wakuba makombo a boma. A khadi la Njovu lamuloli silinawakhudze, poti mafupa amatseka mapaipi.

Kumsika wa Zilikoliko, umene uli kunja kwa geti la koleji, nkhaniyi inafika wailesi isanamalize kuinena. Mayi Nambewe ogulitsa zitumbuwa anaitana mnyamata wa chipisi wa pa benchi loyandikana nalo.

"Dyeratu, wamva? Ati tsopano tizilemera ndi kutaya."

"Ndamva, amayi. Ine ndayamba kale. Dzulo ndataya makasitomala awiri, ndikungodikira chuma."

"Koma thankiyo inalemba mayeso ati kuti ipeze malo ku Pirirani? Mwana wanga uja anakhoza bwinobwino, ali pakhomo."

"Mukanamupenta wobiriwira, amayi."

Kukafu kunalibe woseka. Alonda ankayenda pakati pa matebulo manja ali kumbuyo, ndipo munthu akapitirira malire ankamugwira dzanja mbamu ili panjira. Masana oyamba a lamulolo Ndaziona anakankha mbale monga mwa masiku onse, mlonda n'kuiwakha isanafike kwa Mwandida.

"Khadi lako?"

"La Mpheta, achimwene. Ndangoperekeza."

"Ukaperekezere ku laibulale."

Kenako mlondayo anayang'ana m'mbalemo, maso n'kutong'ola. Ena onse ankasiya gawo la boma ndendende, atalifinya ndi chala kuti msuzi utsalire kwawo. Koma mtsikana uyu anali atasiya zoposa theka, popanda womukakamiza. Mlonda anathamangira kwa a Gwedeza, a Gwedeza anathamangira ku unduna, ndipo sabata isanathe chithunzi cha Ndaziona chinali pakhoma lililonse la m'likulu. Anamujambula atazolika, chifukwa anakana kudzutsa mutu. Pansi pake analembapo kuti: KHALANI NGATI NDAZIONA. SIYANI, DZIKO LITUKUKE.

A Chimbalanga analankhula pa wailesi. "Ngati kamtsikana kakumudzi kakukhuta ndi theka la mbale, anyamata a madevu akudandaula chiyani? Sayansi yalankhula." Ndipo gawo la Bwana Chimeza linakwezedwa kufika pa theka.

Kuyambira pamenepo Ndaziona akamadutsa, anthu ankatsonya. Wina anajambula ndevu za mbuzi pa chithunzi chake. Anyamata a chaka chomaliza ankamugwadira pakhonde n'kumati, "Amayi a fuko, lero tisiye zingati?" Iye anayesetsa kuti azimaliza mbale, kuti nduna isowe chonena. Koma tsopano zimene ankaziopa kale zija zinali zoona: holo yonse inkasiyadi kudya kuti imuone. Akatema mbamu ankangoibwezeranso m'mbale. Makombo ake anachuluka, ndipo unduna unamutumizira nsalu ya nkhope ya Mfumu.

Anayesa kubisa mgaiwa m'thumba la siketi kuti akamupatse Mwandida. Alonda anaupeza, koma poti anali munthu wa pachithunzi sanamumange. Anangomuyamikira kuti amafuna kukapereka yekha kwa thanki.

Mwandida anasiya phokoso. Limenelo ndi limene linamuopsa Ndaziona kuposa kutsonya konse. Masana ankagona chopinda pabedi atakumbatira pilo pamimba, milomo itatuwa ngati ya munthu wodya malambe. Tsiku lina Ndaziona pochokera m'kalasi anapeza chikwama cha mnzakeyo chili pakati pa chipinda, mabuku atalowa kale.

"Mwandi, ukupita kuti?"

"Kwathu. Ndingoonerera mwambo woyatsa moto wa thanki Loweruka, Lolemba ndikwere. Ndikufuna ndikauze anthu kumudzi kuti amene anandilanda malo ndinamuona ndi maso, ndi wobiriwira."

"Mayeso atsala pang'ono."

"Mimba yanga silemba mayeso, Nda. Kwathu kuli chinangwa. Digiri ndidzaitenga ndikadzabadwanso ngati thanki."

"Ndine ndachititsa."

"Iwe wachititsa chiyani? Iwe ngakhale kutsokomola umapempha chilolezo." Anayesa kuseka, koma m'mimba munamupotokola, n'kutembenukira kukhoma. "Ingoonetsetsa kuti Loweruka usagwe ndi mbale. Ndikhala kutsogolo."

Pa mwambo wa Lowerukalo Ndaziona anali ndi ntchito. Anayenera kunyamula mbale ya nyemba kuchokera pakhomo la kukafu, kudutsa kutsogolo kwa nsanja ya Mfumu, n'kukakhuthulira m'kamwa mwa Bwana Chimeza. Kenako Mfumu iyatse chitofu. Anamuyeserera kangapo konse ndi mbale yopanda kanthu, pa nsanja pali mipando yokhayokha.

Tsiku linafika. Mitengo ya m'mbali mwa msewu anaidula kuti alendo aone bwino zikwangwani zonena za kusamala mitengo. Amayi ovina anabwera pa malole. Alendo a ku Tikuthandizeni anakhala pa mipando ya kutsogolo, makamera ali m'khosi, ndipo mtsogoleri wawo anali mayi wamtali wokonda kuomba m'manja pa chilichonse. Kuseri kwa thanki a Gwedeza anali ataimika kasilinda ka gasi kogula m'tauni, atakafunditsa chiguduli, chifukwa Bwana Chimeza, ngakhale ankadya theka la koleji, anali asanaganize zoyamba ntchito.

Mfumu inalankhula dzuwa mpaka kupendeka. Inanena za agogo ake, za mitengo, za ana a ana athu. Ndipo itaona kuti mayi wamtali uja akulemba, inawonjezera zimene sizinali pa pepala.

"Ine ndi ana angawa ndife amodzi. Chimene adya iwo, ndidya chomwecho. Lero ndadzuka osalawa kanthu kunyumba yachifumu, dala, kuti ndidzadye za pa koleji pano!"

Nthungululu zinalira. Mfumu inkanena za tebulo la Njovu, limene linali litayalidwa kale m'chipinda cham'kati, nkhuku zili ndondondo. Aliyense anadziwa zimenezo kupatula alendo.

Ng'oma inagunda, Ndaziona anatuluka. Mbale ya nyemba inali m'manja onse awiri. Zinali nyemba za masiku onse, a Gwedeza sanaone chifukwa chokometsera chakudya cha thanki: msuzi wamadzi, anankafumbwe akuyandama chagada, pambali kachigamu ka mgaiwa wa dzulo. Anayenda maso ali pansi. Anangodzutsa mutu kamodzi, n'kuona Mwandida kutsogolo kwa chigulu, atatsamira chingwe, dzanja lili pamimba.

Atafika pa nsanja anaima. Poyeserera paja pa mpandopo panalibe munthu. Lero panali munthu wamkulu, wamkulu kuposa onse, amene anali atangonena pamaso pa dziko kuti sanadye.

"Pitirira!" ananong'oneza a Chimbalanga. "Iwe mwana, thanki ili uko!"

Ndaziona anagwada. Anakweza mbale m'mwamba, mutu uli pansi, ndipo ndi mawu aang'ono ngati a udzudzu, amene chimkuzamawu cha Mfumu chinawatola n'kuwamwaza bwalo lonse, anati:

"Tidye, Mwini Dziko."

Ng'oma inasiya yokha. Mwana wa ku Tadyakale aliyense amadziwa yankho la mawu amenewa: ndadya kale. Koma yankho limenelo Mfumu inali italitaya yokha pa chimkuzamawu. Mayi wamtali uja anadzuka n'kuyamba kuomba m'manja, misozi ili m'maso, akuuza anzake kuti chikhalidwe chotere kwawo chinatha. Makamera onse anatembenuka.

Mfumu inayang'ana a Chimbalanga. A Chimbalanga anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Munthu wina wopanda nzeru anabweretsa madzi osamba m'manja.

Khutani Wachitatu anatema mgaiwa, ndipo unachita kufuna mphamvu. Anausunsa. Anankafumbwe awiri anakwera nawo. Anaika m'kamwa akumwetulira makamera, n'kutafuna kamodzi, kawiri, kachitatu kunamveka kuti gwa! Anali atapeza mwala, umene ophunzira amati ndi nyama ya a Mbuzi. Kumwetulira kunakhalabe pankhope, koma kunali ngati kwa mbuzi yowawulidwa. Anameza monga mmene munthu amamezera mankhwala a malungo.

Bwalo lonse linadikira. Ophunzira anagwirana manja. Mfumu yalawa! Mfumu yadziwa! Ena anayamba kale kuona mpunga m'maganizo.

"Gwedeza!"

"Wawa, Mwini Dziko!"

"Izi ndi zimene mwakhala mukuthira mu thanki ya alendo?"

"Zomwezo, Mwini Dziko. Tsiku ndi tsiku."

"Miyala? Tizilombo? Mukufuna kundiphera thanki? Mukudziwa kumene yachokera? Mukufuna alendowa akanene kwawo kuti a ku Tadyakale ukawapatsa chinthu chabwino amachidyetsa zinyalala?" Mfumu inamenya tebulo. "N'chifukwa chake sikupuma! Ndikulamula: kuyambira lero nyemba za ophunzira zisayandikirenso thanki imeneyi. Wothiramo ngakhale supuni imodzi, kundende! Thanki izidya makombo a kunyumba yachifumu. Zawozi azimaliza okha!"

A Chimbalanga ndiwo anayamba kuomba m'manja. Anati nzeru zotere zimabwera kamodzi pa zaka zana, ndipo unduna wawo unali utayamba kale kuganiza chimodzimodzi. Amayi anaimba. Ophunzira anayang'anizana, osadziwa ngati atukwanidwa kapena apulumutsidwa, kenako anaona kuti zonse ziwiri n'zotheka, n'kuyamba kuvina. A Gwedeza anazemba kukatsegula kasilinda kaja, Mfumu inakhwatcha machesi, moto wabuluu unati phu! Alendo anajambula, ndipo ndikumva kuti chithunzicho chinapata mphoto kwawo.

Kumsika wa Zilikoliko Mayi Nambewe anapukusa mutu akutembenuza zitumbuwa.

"Ndiye ati chakudya chosayenera chitsulo apatse ana a anthu."

"N'chilungamo, amayi," anatero Dyeratu. "Chitsulo n'chobwera. Ana timapanga konkuno."

Zithunzi za Ndaziona anazimatula Lolemba m'mawa, poti kusiya chakudya tsopano kunali kuwononga chuma cha boma. Alonda oona mbale anawasamutsa kuti azilondera wilibala yochokera kunyumba yachifumu, imene inkabwera masana aliwonse ndi mpunga wotsala, zikopa za nkhuku ndi makeke olumidwa kamodzi. Ophunzira a Mpheta anayambitsa Bungwe la Abwenzi a Chilengedwe, lodzipereka kuthandiza alondawo kukankha wilibala pa chitunda cha ku laibulale. Wilibalayo imafika pamwamba itapepuka, ndipo Bwana Chimeza mpaka lero sanapume. Unduna ukuti ukufufuza.

Masana a Lolemba lomwelo basi ya kwa a Mwandida inanyamuka popanda Mwandida. Iye anali kukafu, ati kuperekeza mnzake. Nyemba zinali zomwe zija, anankafumbwe omwe aja, koma mbale inali yodzaza ndipo panalibe woyenda manja kumbuyo.

"Iwe Nda, ndiuze zoona. Unachita dala?"

"Amayi anandiphunzitsa choncho."

"Sindinafunse za amayi ako. Ndati unachita dala?"

Ena amati mtsikanayo miyendo inangomugwadira yokha chifukwa cha chizolowezi. Ena amati anawerengera zonse ali pakhomo la kukafu. Ine ndili ndi maganizo anga, koma anthu amanyazi sitiululana.

Ndaziona anakokera mbale pafupi. Anatema mbamu ina, yoposa pa mlingo wake wa masiku onse, n'kuitafuna pang'onopang'ono holo yonse ikuona. Kenako anakankha mbale n'kuyang'ana kumbali.

"Idya, Mwandi. Mfumu yalamula kuti timalize tokha."